Mayi Kapalamula ndi Mbewu ya Mlongo Wawo

Malemu amene tawazungulira muno, Mayi Dorothy Kapalamula, NaNgozo, anabadwa pa 14 Malichi 1968 m'mudzi mwa Chimwaye, kwa Mfumu Yaikulu Njolomole, m'boma la Ntcheu. Makolo awo ndi malemu Bambo Vincent Chingalande ndi Mayi Ndaziona Chingalande, omwe ali moyo ndipo akudikira kumudzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine McDonald Kapalamula, mkulu wawo wa Bambo Willard, amuna awo a malemu. Abusa, akulu a mpingo, anamwino anzawo amene mwabwera ndi yunifolomu kuchokera ku shifiti, abale a ku Wolverhampton ndi ku Coventry, ndikupempha kuti mundipirire. Mbiri ya munthu wa zaka makumi anayi siyenera kutalika, koma iyi ili ndi malo amene sindingawalumphe, chifukwa eni ake anandiletsa.

M'banja lawo munabadwa ana asanu, akazi anayi ndi mwamuna mmodzi. Malemu anali achisamba, ndipo mwamuna yekhayo, a Gresham, anabadwa mu 1973. Dzina limeneli mulisunge. Malemu ndiwo anawalera a Gresham, kuwabereka kumbuyo popita kudimba, ndipo ndiwonso anawakwapula kuposa wina aliyense. Awiriwa sankatha tsiku osakangana, komanso wina sankadya mnzake asanafike. A Gresham anali ndi vuto limodzi kuyambira ali khanda: akangolawa mtedza, milomo ndi maso zinkatupa ngati alumidwa ndi njuchi. Kukakhala ndiwo zotendera, gawo lawo linkapita kwa achemwali awo, omwe mtedza ankaukonda mosabisa. A Gresham analinso ndi kamluzu kawo kotulukira m'mano, kopanda nyimbo yeniyeni, kamene mayi awo ankati kadzaitana njoka m'nyumba.

Malemu anayamba sukulu mu 1975 pamishoni ya pafupi ndi kwawo. Atamaliza sekondale anasankhidwa kupita kusukulu ya anamwino ku Zomba mu 1988. Anagwira ntchito pachipatala cha boma ku Ntcheu, kenako ku Gulupu ku Blantyre. Kumeneko ndi kumene mng'ono wanga Willard anapita ndi malungo mu 1992. Malungo anachira m'sabata yomweyo, koma kuchipatalako anapitirizabe kupita mpaka ife tinafunsa kuti kodi malungo ake ndi amtundu wanji. Ukwati unadalitsidwa pa 7 Ogasiti 1993, ndipo mu 1995 kunabadwa Tiffany.

Mu 2001, pamene zipatala za kuno zinkalemba anamwino a kwathu, malemu anabwera okha ku Birmingham. Anafikira ku Selly Oak, m'nyumba yogawana ndi ana a pa yunivesite, omwe malemu anawaphunzitsa kutsuka mbale mwezi usanathe. Ankagwira ku wodi ya okalamba. Chaka chotsatira Bambo Willard ndi Tiffany anawatsatira, banja linapeza nyumba ku Sparkhill, ndipo mu 2003 kunabadwa Reece. Bambo Willard analowa ntchito ku weyahausi ku Nechells. Amene munadyako kwa malemu mukudziwa kuti pa Stratford Road panalibe shopu yogulitsa mtedza imene sinkawadziwa. A Gresham nthawi imeneyo ankayendetsa chigayo ku Tsangano. Lamulungu lililonse masana ankaflasha, malemu n'kuwaimbira, ndipo ankakangana mpaka khadi litatha.

Mu Meyi 2005 malemu anapeza chotupa m'khosi, chonga mwanabere koma chosapweteka. Pokhala namwino sanadzinamize. Madokotala anati ndi limfoma, khansa ya m'timinofu timene timatupa munthu akachita mwanabere, ndipo inali itafika kale m'chifuwa ndi m'mimba. Analandira kemo, mankhwala aukali a khansa, tsitsi linathothoka, matenda anagona. Chakumapeto kwa 2006 anadzukanso mwamphamvu kuposa poyamba. Apa madokotala anati mankhwala okha sangathenso, njira yotsala ndi kuwaika ma stem cell a munthu wina. Malemu anatilongosolera ife osaphunzira kuti imeneyi ndi mbewu ya magazi, yomwe imakhala m'mafuta a m'mafupa. Amayamba apha mbewu ya wodwala ndi mankhwala aukali, kenako n'kudzala ya munthu wina, kuti magazi atsopanowo akasake khansa imene magazi akale analephera kuiona.

Koma mbewuyo siyotenga kwa aliyense, imafunika yogwirizana ndi thupi la wodwala. Pa anthu onse odzipereka a m'dziko lino sipanapezeke ndi mmodzi yemwe, pakuti anthu a khungu lathu amene analembetsa ndi ochepa kwambiri. Ichi ndikunena mokuyang'anani. Anatumiza timabotolo kumudzi kuti abale awo anayi ayezedwe. Akuluakulu anati m'mimba ndi m'chipala: Mayi Susan sanagwirizane nawo, Mayi Ann ayi, Mayi Anita ayi. Amene anagwirizana nawo ndendende anali a Gresham, yemwe uja ankakwapulidwa.

A Gresham anatera kuno mu Febuluwale 2007 atavala jekete ziwiri zobwereka. Anali asanakwerepo ndege, ndipo ufa wa pachigayo unali usanatheretu m'makutu. Anawabaya jakisoni masiku angapo kuti mbewu ituluke m'mafupa, kenako anawalumikiza ku makina otenga magazi mkono uno n'kuwabwezera mkono uwo. Makinawo sanawaope, anati amangolira ngati chigayo chodwala lamba. Chimene anafunsa ndi chimodzi, ndipo anamwino akuchikumbukira mpaka lero. Anati mlimi sadzala mbewu yonse, amasungako yopakiza pamene sipanamere, nanga kuno amasunga? Dokotala wamkulu anayankha kuti amasungadi, ndipo anawaonetsa chithanki chozizira kwambiri, chotuluka utsi woyera akachitsegula, momwe kathumba ka maselo awo kadzagone zaka osafa. A Gresham anayang'ana utsiwo nthawi yaitali. Potuluka anauza alamu awo kuti, "Ndiye kuti ine ndikapita kumudzi, ndatsalanso kuno."

Pa 21 Malichi 2007 malemu analandira mbewu ya mlongo wawo. Ku wodi kumeneko tsiku lotere amalitcha tsiku lobadwa lachiwiri, motero mbiri ino ili ndi masiku obadwa awiri m'mwezi umodzi. Anatsekeredwa m'chipinda chawochawo, pakuti ngakhale chimfine chikanawapha. A Gresham anali ndi chifuwa cha kuzizira kwa kuno, sanaloledwe kulowa, ndipo ankaima pagalasi n'kumaimba kamluzu kawo, malemu akuwaopseza ndi chala ali pabedi. Anatsanzikana pagalasi pomwepo mu Epulo, chikhatho uku chikhatho uko. Sanaonanenso maso ndi maso.

Mbewu inamera. Malemu anatuluka m'chipatala, ndipo miyezi yotsatira tinayamba kuona zinthu zimene madokotala ankati n'zodziwika, koma ife zinkatiimitsa tsitsi. Gulu la magazi awo linasintha, kuchoka pa lawo lobadwa nalo kupita pa la a Gresham. Atayezedwa, anauzidwa kuti magazi onse oyenda m'thupi mwawo tsopano ndi a munthu wamwamuna. Mu Julaye anaphika nkhwani wotendera koyamba chichokereni kuchipatala, ndipo asanamalize mbale milomo ndi maso zinatupa. Dokotala anati zimachitika nthawi zina. Malemu anaimba foni ku Tsangano n'kuwazazira a Gresham kuti anapempha magazi okha, sanapemphe ndi matenda awo omwe. Kuseka kwa a Gresham kunkamveka mpaka kukhitchini. Tsitsi nalo linamera, lofewa ndi lakuda bii, ndipo malemu analinyadira kwambiri. Amayi a mvano mukukumbukira mmene ankavulira duku pakhomo la tchalitchi kuti muligwire.

Loweruka pa 3 Novembala 2007, a Gresham anagundidwa ndi lole ali panjinga pamsewu waukulu, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala. Uthenga unafikira Bambo Willard ali kuntchito. Unabwera ndi lamulo lochokera kwa a Rapson, malume awo a malemu, omwe ndi mwinimbumba: wodwala asauzidwe. Mwambo umenewu tonse tikuudziwa. Kwathu munthu amene ali pamphasa sauzidwa maliro, kuopa kuti mtima ungagwe n'kutsatira womwalirayo. Mng'ono wanga ndi mkamwini, ndipo mkamwini satsutsa mwinimbumba pa nkhani ya mbumba yake. Anameza misozi, anamaliza shifiti, n'kukafika kunyumba akumwetulira. Ngakhale ana sanauzidwe, chifukwa ana a kuno sasunga mawu.

Lamulungu foni sinalire. Bambo Willard anali atakonza kale bodza, loti a Gresham awoloka malire kukagula kachewere ku Mozambiki ndipo kumeneko netiweki kulibe. Malemu anamvetsera, anagwedeza mutu. Maliro anaikidwa Lolemba ku Chimwaye. Lachiwiri m'mawa, monga mwa mwambo, abale anasonkhana pansi pa mtengo kumeta.

M'mawa womwewo kuno ku Sparkhill, Bambo Willard anamva makina awo ometera akulira kubafa. Atatsegula chitseko anapeza malemu atakhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula monga amakhalira amayi pasiwa, tsitsi lonse lija lili pachitenje. Anali atameta mpala. Atafunsidwa, anangoti linkawayabwa. Analikulunga bwinobwino m'chitenjemo, ndipo Lamulungu lotsatira anabwera kutchalitchi ndi duku lakuda, nalivala mwezi wathunthu.

Ine ndine mkulu wa mpingo, sindinaime pano kudzalalikira za mizimu. Ndikungonena zimene tinaona. Mng'ono wanga anagwidwa ndi mantha, anaimbira aliyense amene ankadziwa, kuno ndi kumudzi, kufunsa amene waulula. Onse analumbira kuti sananene. Kuyambira tsiku limenelo malemu sanatchulenso dzina la a Gresham, munthu amene kale sankatha tsiku osamudandaula. Lamulungu masana ankakhala pampando wa pafupi ndi foni, manja ali pamiyendo, osaimbira aliyense. Tsiku lina Bambo Willard ali pamasitepe anamva kamluzu kotulukira m'mano, kopanda nyimbo yeniyeni, kakuchokera pabalaza. Malemu sanaimbepo mluzu moyo wawo wonse, ankati si za munthu wamkazi. Mng'ono wanga anakhala pansi pamasitepe pomwepo.

Mu Febuluwale chaka chino sikani inaonetsa kuti khansa yayambanso kutukula mutu. Madokotala anati nthawi yopakiza yakwana, atulutse kathumba kaja m'chithanki, ndipo kanali komaliza. Apa ndi pamene mng'ono wanga anaona mdima. Akawauza zoona, malemu akhoza kugwa mtima, kapena kukana kulandira m'thupi mwawo za munthu amene ali kale m'manda, pomwe njira ina panalibe. Akapanda kuwauza, ndiye kuti iye mwini aimirira pambali kuonerera wakufa akulowetsedwa mwa mkazi wake mkaziyo osadziwa. Anaonda ngati wodwala ndi iye. Pomaliza anakaulula kwa dokotala wamkulu. Dokotalayo anamvetsa, koma ananena mosabisa kuti kuno wodwala sanamizidwa, ndipo malemu akangofunsa za mlongo wawo, iye ayankha zoona.

Tsiku losaina, malemu anafunsa mafunso monga namwino. Anafunsa kuchuluka kwa maselowo, kuopsa kwake, ndi zimene zingachitike pakhungu ndi m'matumbo. Dokotala anawauza kuti maselo amenewa akhoza kupha khansa, komanso akhoza kutembenukira thupi lawo lomwe. Bambo Willard anakhala pakona akudikira funso limodzi lokha. Silinabwere. Malemu anatenga cholembera n'kusaina.

Pa 26 Febuluwale anabwera nacho chithanki chaching'ono pangolo. Atachitsegula, utsi woyera unatsikira pansi n'kuyenda mpaka kumiyendo ya bedi. Namwino anasungunula kathumba kaja m'madzi ofunda, anawerenga mokweza dzina lolembedwapo monga mwa lamulo la ntchito yawo, n'kukapachika. Anamwino muli muno mukudziwa kuti mankhwala osungira maselo ali ndi fungo lake, ndipo mwatiuza kuti limamveka kwa wodwala aliyense wolandira maselo oumitsidwa. Sitikutsutsa. Koma fungolo ndi la chimanga. Dontho loyamba litangolowa, chipinda chonse chinanunkhira ngati pakhomo pa chigayo. Malemu anatseka maso, anakoka mpweya, ndipo ndi ulemu umene sanawapatsepo a Gresham ali moyo anati, "Takulandirani, Ngozo."

Mu Meyi sikani inabwera yoyera. Khansa imene inakana kemo kwa zaka zitatu inali itatheratu, ndipo sinabwerenso mpaka tsiku lomaliza. Tinaimba muno, ena munavina. Koma mwezi womwewo khungu la malemu linayamba kufiira ndi kusupuka, kuyambira m'zikhatho, ndipo m'mimba simunkakhalanso chakudya. Madokotala anati chimene ankaopa chija chachitika: maselo a woperekayo atamaliza khansa sanaleke nkhondo, ayamba kumenya thupi limene akukhalamo ngati la mlendo. Malemu anaseka pang'ono n'kunena kuti mwanayo akubweza zikwapu zakale. Anapatsidwa mankhwala ogonetsa maselowo, koma mankhwala omwewo anatsegulira khomo chibayo. Madokotala ndi anamwino anachita zonse zimene munthu angachite, ndipo banja lilibe nawo mawu.

Sabata yomaliza malemu anandiitanitsa kuchipatala, amuna awo ali pomwepo. Anati akudziwa kuti mbiri yawo ndidzawerenga ndine, ndipo akufuna ikhale yolongosoka, chifukwa ine ndimakonda kulumpha. Tinayenda nawo zaka zonse zimene mwamvazi. Titafika pa otsala, anatchula amuna awo, ana, mayi awo ndi ang'ono awo atatu, n'kulekera pomwepo. Ine ndi mng'ono wanga tinayang'anana. Pamenepo Bambo Willard analephera kupirira, anagwada pambali pa bedi kuti anene chimene anachisenza kuyambira Novembala. Malemu anawagwira pakamwa ndi dzanja lawo losupukalo.

Anati, "Bambo a Tiffany, musavutike. Ine ndinameta kale."

Mng'ono wanga akulira anafunsa amene anawauza. Malemu anayankha kuti palibe. Anati, "Munthu akuyenda m'mitsempha mwanga muno, ine ndikamve za iye kwa anthu?" Atafunsidwa chifukwa chimene anakhalira chete miyezi yonseyi, anati anaona mwamuna wawo atasenzetsedwa lamulo la amalume, ndipo sanafune kumusandutsa wabodza wogwidwa m'nyumba mwake momwe. Iye ankawabisira kuti asafe, iwo ankamubisira kuti asachite manyazi. Kenako anatembenukira kwa ine. Anati, "Alamu, pa otsala musamuwerenge Gresham. Koma musanenenso kuti anatsogola. Ameneyo muwerenge pamodzi ndi ine, tinyamukira limodzi."

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 19 Ogasiti 2008 dzuwa lili pamutu, amuna awo ndi Tiffany atawagwira manja. Mitima yathu yasweka, ndipo ine ndataya mlamu amene ankandidzudzula popanda kundiopa.

Asiya amuna awo, Bambo Willard Kapalamula; ana awiri, Tiffany ndi Reece; mayi awo, Mayi Ndaziona Chingalande; ang'ono awo atatu, Mayi Susan, Mayi Ann ndi Mayi Anita; ndi malume awo a Rapson. Asiyanso akazi a a Gresham ndi ana awo awiri, omwe malemu anatipempha kuti tiwasamale ngati awo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku wodi ya matenda a magazi. Likuthokoza Mayi Anastasia, mnzawo wa ku Zomba, amene anasinthana mashifiti ndi anzawo kuti malemu asakhale okha. Likuthokoza amayi a mvano amene munaphikira ana ndi kuwaperekeza kusukulu, abusa, ndi nonse amene mwagwirana manja kuti thupi lipite kwawo. Ndege inyamuka Lachinayi, ndipo manda akonzedwa ku Chimwaye, pambali pa a Gresham. Adzukulu atafunsa ngati akumbe patali pang'ono, mayi a malemu anakana, anati chibale ndi fupa, sichiola, awagoneke mogundana.

Akumudzi analira maliro a a Gresham mu Novembala, koma magazi awo anali akuyendabe kuno ku Birmingham, akugwira ntchito imene anabwerera, mpaka Lachiwiri lapitali. M'bokosi ili muli anthu awiri a mimba imodzi. Yendani bwino, NaNgozo, Ambuye akulandireni. Nanunso Ngozo, mwamulondera mlongo wanu miyezi isanu ndi inayi muli kale m'manda. Ntchito yatha, kapumeni. Mizimu yanu nonse awiri iuse mumtendere.